Ndimalembera ana za zakudya za ku China: zimene ndaona pa ntchitoyi

Anthu akamva kuti ndimalemba mabuku a ana m'Chichewa onena za zakudya ndi miyambo ya ku China, ambiri amayamba aseka kaye, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga za kwathu zinatha?" Sizinathe ayi. Kungoti ine moyo unanditengera ku Wuhan, mzinda waukulu wa m'chigawo cha Hubei, pomwe mtsinje wa Han umathira mu Yangtze. Ndinapita kukaphunzira patapita zaka zingapo Malawi atakhazikitsa ubale ndi Beijing kumapeto kwa 2007. Ndinakwatiwa konko, ndipo mwana wanga ali ndi agogo ku Dedza komanso ku Hankou, dera lina la mzinda wa Wuhan womwewo. Abale ake kumudzi akamamufunsa pafoni ngati n'zoona kuti kwa bambo ake amadya njoka ndi agalu tsiku ndi tsiku, mwanayo ankangondibwezera foni maso ali jenjenje ndi misozi. Panalibe buku la Chichewa loti ndiwatumizire. Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga amene mumandifunsa poyambira, makamaka inu okhala kunja amene mukufuna kufotokozera ana a kumudzi za anthu amene mukukhala nawo.

Ndinayamba kulemba mu 2020. Wuhan inatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19 pa 23 January, kutatsala masiku awiri kuti Chaka Chatsopano cha ku China chifike, ndipo inatsegulidwa pa 8 April. Apongozi anga aakazi anali atabwera kudzadya nafe chikondwererocho, ndiye anatsekeredwa m'nyumba mwathu pamodzi ndi nsomba, nyama ndi mpunga zimene tinagulira alendo omwe sanabwere. Pokhala kunalibe kopita, ndinkakhala pakampando kukhitchini ndi kope, iwo akuphika, ine ndikufunsa. Pafupifupi zonse zimene zili m'mabuku anga zinachokera pakampando kameneko, osati pa intaneti.

Munthu amene anandionetsa kuti iyi ingakhale ntchito yeniyeni ndi Ying Chang Compestine. Sindinakumanepo naye, ndinangowerenga mabuku ake. Anabadwira ku Wuhan komweko mu 1963, anakulira m'nyengo ya chipwirikiti cha ndale yotchedwa Cultural Revolution, ya 1966 mpaka 1976, ndipo anapita ku America kukapitiriza maphunziro. Anayamba ndi mabuku ophunzitsa akuluakulu kuphika, kenako mu 2001 n'kuyamba kutulutsa mabuku a ana a zithunzi. Mu 2007 anatulutsa buku la achinyamata lochokera pa ubwana wake m'nthawi yovutayo. Zimene ndinatengapo ndi ziwiri. Analemba m'chilankhulo cha ana amene sankadziwa China, osati cha eni chakudyacho, monga mmene inenso ndikuchitira. Komanso nkhani imapita patsogolo, kaphikidwe n'kubwera kumapeto kwa buku, kuti mwana akamaliza kuwerenga akakoke mayi ake kupita nawo kukhitchini. Kusiyana kwathu n'koti iye ndi mwini, ine ndine mtengwa. Mtengwa safotokoza za pamudzi asanafunse eni mudzi, ndipo zambiri zimene ndinene pansipa zikuchokera pamenepo.

Choyamba chimene apongozi anandichotsa m'mutu ndi mawu akuti "chakudya cha ku China". Nditawauza kuti ndikufuna kulemba za jiaozi, timaphukusi ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama ndi masamba mkati, poti ndi timene timaoneka pa TV pa Chaka Chatsopano, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, izo ndi za akumpoto. Pamphika panga unazionapo pa Chaka Chatsopano?" Zoonadi sindinazionepo. Dziko lija linagawikana mozungulira mapiri a Qinling ndi mtsinje wa Huai: kumpoto amalima tirigu kwambiri, kumwera mpunga. Ku Sichuan ndi ku Hunan tsabola ndiye ndiwo, pomwe ku Guangdong amafuna nsomba imveke kukoma kwake kokha. Patebulo la apongozi pa Chaka Chatsopano pamakhala nsomba yathunthu, timipira ta nyama tokazinga, ndi msuzi wa nthiti za nkhumba wophikira limodzi ndi mizu ya lotus, chomera cha m'madzi chofanana ndi nyika. Ndiye ndinasiya zolemba za dziko lonse. Buku lililonse limachitikira mumzinda umodzi, mukhitchini imodzi, ndipo ndimatchula dzina la malowo patsamba loyamba.

Buku langa loyamba ndi la chakudya cha m'mawa cha ku Wuhan, re gan mian. Ndi ma noodles opanda msuzi, othira phala la chitowe, soy sauce, anyezi wamasamba ndi tizidutswa ta ndiwo zoviika mumchere. Anthu amagula m'mbali mwa msewu, ena n'kumadya akuyenda kupita kokwerera basi. Chinsinsi chake n'choti uyenera kutakasa msanga zikadali zotentha, ukachedwa chitowecho chimagwirana n'kukhala chibuma. Nkhani yonse inatuluka m'chinsinsi chimenecho. Kamnyamata katumidwa kukagulira agogo ake odwala, ndipo kayenera kufika kunyumba mbale isanazizire, koma panjira pali galu, pali mnzake wofuna kusewera, pali azakhali okonda kucheza. M'bukumo mulibe chiganizo chonena kuti "anthu a ku China amadya chakutichakuti". Mwana amene akuwerenga amakhala akuthamanga naye mnyamatayo, ndipo pofika kumapeto wadziwa zonse zimene ndikadamuuza m'ndime yotopetsa. Ukapeza chimene chingalakwike pa chakudya, wapeza nkhani. Chakudya chimene sichingapse, kuzizira, kutayika kapena kuperewera sichinandipatsepo buku.

Nkhani imene inandiphunzitsa kwambiri za owerenga anga ndi ya kalulu wa pamwezi. Pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chitatu pa kalendala yawo yotsata mwezi, mabanja amakumana kudya makeke ozungulira n'kumayang'ana mwezi wathunthu. Ana amauzidwa kuti kumeneko kumakhala mayi wotchedwa Chang'e ndi kalulu wake amene amasinja mankhwala mumtondo. Nditapita kumudzi ndinawerengera ana nkhaniyi pakhonde pa amayi. Anamvetsera bwino, koma nditamaliza kamtsikana kena kanafunsa kuti, "Azakhali, ndiye kaluluyo anapusitsa ndani?" Onse anavomereza kuti nthanoyo sinathe. Kwa mwana wa Chichewa, Kalulu akalowa m'nthano ndiye kuti Fisi kapena Njovu alira posachedwa. Kalulu wofatsa, wakhama, wongosinja usiku wonse osaba kanthu, sankamveka. Sindinasinthe kalulu wa eni ake kuti akhale tambwali, chifukwa pamenepo ndikadanamiza ana. Ndinalowetsa m'nkhanimo mwana wochokera ku Malawi amene wabwera kudzacheza, ndipo iye ndi amene sakumukhulupirira kaluluyo, akubisa keke yake kuopa kuberedwa, msuweni wake wa ku Wuhan n'kumadabwa. Ana a mbali zonse ziwiri amaseka, aliyense poseka pake. Kumapeto ndinaikako kandime konena kuti zombo zimene China imatumiza kumwezi zimatchedwa Chang'e, ndipo kagalimoto kamene kanatera kuseri kwa mwezi mu January 2019 kanapatsidwa dzina la kalulu yemweyo, Yutu. Anyamata amakonda tsamba limenelo kuposa nkhani yeniyeniyo.

Chifukwa chake ndimati musasindikize buku limene simunaliwerengere ana mokweza. Akhale ana enieni, osati anu okha, chifukwa anu amakuchitirani chisoni. Pomwe ayamba kukanda miyendo kapena kuyang'ana nkhuku, dulani pamenepo. Kenako muwerengerenso mwini mwambo, ngakhale zitafunika womasulira. Kwa ine womasulira ndi bambo a mwana, ndipo nthawi zambiri zokambiranazo zimathera poti iwo ndi mayi awo akutsutsana, ine ndikulemba.

Miyambo ina ili ndi maliro mkati. Zongzi, mpunga womata wokulunga m'masamba, amadya pa tsiku la 5 la mwezi wachisanu pa kalendala yawo ija, tsiku la mpikisano wa mabwato. Nkhani yake ndi ya Qu Yuan, mlakatuli komanso nduna ya ufumu wa Chu, amene kwawo amati ndi ku Zigui, m'Hubei momwemo. Mfumu inamuthamangitsa, ndipo likulu la dziko lake litagwa m'manja mwa adani mu 278 BC anadziponya mumtsinje wa Miluo. Anthu anapalasa mabwato kumufunafuna, n'kumaponya mpunga m'madzi kuti nsomba zisadye thupi lake. Ana a ku China amaimva nkhaniyi ali aang'ono. Kwathu nkhani ya munthu wodzipha sitiikamba pamaso pa ana mwachisawawa. Ndinaifotokoza kudzera mwa mwana wa msodzi amene akuthandiza mayi ake kukulunga mpunga usiku, ndipo za nduna ndinangoti inalowa mumtsinje osabwereranso. Kumapeto kuli mawu a makolo okha ofotokoza zonse mosabisa, kuti asankhe okha pomwe angafikitse. Mphunzitsi wina anandiuza kuti ndinabisa kwambiri, mayi wina anati ndinaulula kwambiri. Ndinazisiya momwemo.

Njala nayo ili m'khitchini ya apongozi. Anali kamtsikana m'zaka za 1959 mpaka 1961, pamene njala inapha anthu mamiliyoni ambiri m'dzikomo, ndipo mpaka lero salola kambewu kamodzi ka mpunga kutsala m'mbale ya mdzukulu wawo. Amayi anga, amene anaona njala ya 2002, atamva zimenezi anangoti, "Auzeni asewere anga kuti ndawamva." Koma njala yomweyo ikhoza kukusokonezerani buku. Chithunzi cha msuzi wa mizu ya lotus chitafika kwa mnzanga wa ku Nsanje, anandifunsa ngati banja la m'bukulo ndi losauka, chifukwa kwawo anthu amakazula nyika m'madambo chimanga chikatha. Ku Hubei msuzi umenewo ndi wolandirira mlendo wolemekezeka, umawira pamoto maola ambiri. Ndinawonjezera chiganizo chimodzi chosonyeza agogo akunyadira mphika wawo pamaso pa alendo. Owerenga amabwera ndi zawo m'mutu, ndipo wolemba ayenera kudziwa zimene abwera nazo.

Pa zithunzi ndiye pamafunika maso anayi. Wojambula wanga ndi mnyamata wa ku Lilongwe waluso kwambiri, koma sanapiteko ku China, ndipo intaneti imamupatsa zosakaniza za ku Japan, Korea ndi za malesitilanti a ku America. Pa zojambula zoyamba anaika timabisiketi tokhala ndi kapepala ka mwayi mkati. Timeneto n'ta ku America, apongozi anali asanationepo. Anajambulanso timitengo todyera titazikidwa chilili mumpunga, zimene kumeneko zimakumbutsa lubani wofukizira akufa, moti mwana akachita zimenezo patebulo amadzudzulidwa nthawi yomweyo. Pa zovala zamakedzana, mbali yakumanzere ndi imene imapita pamwamba pa yakumanja, ukatembenuza wamuveka munthu ngati maliro. Ndipo ndinamupempha kuti asajambule maso ngati timizere tiwiri topendekeka, kapena khungu lachikasu. Ife timadziwa mmene zimawawira tikaona munthu wakuda atajambulidwa milomo yokhayokha. Tsopano ndimamutumizira zithunzi za m'nyumba mwathu momwe: chiwaya, mpeni waukulu wa apongozi, masilipasi apakhomo, nkhope za ana a m'bwalo lathu makolo awo akalola.

Chinjoka chinandivuta mwa njira ina. Cha ku China chilibe mapiko, n'cha madzi ndi mvula, ndipo anthu amakondwa mwana akabadwa m'chaka chake, monga 2012 kapena 2024. Koma kholo lopemphera la kwathu likachiona pachikuto limakumbukira chinjoka cha m'buku la Chivumbulutso, n'kubweza bukulo pashelefu. Sindinachichotse, poti mabwato a mpikisano aja amakhala ndi mutu wake. Ndinachichotsa pachikuto pokha, ndipo mkati ndinaonetsa bwino kuti ndi mutu wosema pamtengo, amuna akuupaka utoto. N'chimodzimodzi ndi zofukiza za makolo akufa: ndimaonetsa zimene agogo akuchita, sindiuza mwana wowerenga kuti achite nawo kapena awanyoze.

Mawu a Chitchaina ndimaika ochepa, atatu kapena anayi m'buku lonse, chifukwa zilembo monga q, x ndi zh sizitchulidwa mmene mwana wa Sitandade 3 angaganizire. Katchulidwe kake ndimakaika kumapeto.

Tsamba la kaphikidwe ndi limene makolo amandiimbira nalo foni kwambiri, ndiye ndimaliyesa pambaula kumudzi, ndi kapu wamba, popanda sikelo. Mpunga womata wa zongzi supezeka m'misika yathu, ndipo Kilombero ngakhale ndi wonunkhira sagwirana choncho, ndiye m'buku limenelo sindinaikemo kaphikidwe konse. Kuli bwino kusiya kusiyana ndi kulonjeza mwana chinthu chimene chikaphwasuke mumphika. Pa re gan mian ndinalemba kuti amene alibe chitowe agwiritse ntchito chiponde, koma ndinanena poyera kuti ku Wuhan sachita choncho. Chimene chimayenda bwino kwambiri ndi mazira okazinga ndi tomato, chakudya chimene ana ambiri a ku China amayamba nacho kuphunzira kuphika: mazira atatu, tomato atatu akupsa, mchere, kashuga pang'ono. Umakazinga mazira payokha n'kuwachotsa akadali ofewa, kenako tomato mpaka atuluke msuzi, n'kubwezeramo mazira aja. Zonse zimapezeka pamsika uliwonse. Jiaozi nazonso ndinadzazilemba pambuyo pake, m'nkhani yochitikira kwa mnzathu wa ku Harbin, mzinda wa kumpoto. Makapu awiri a ufa wa tirigu, madzi opitirira pang'ono theka la kapu, kukanda, kusiya theka la ola, kenako ana okha amapanga timaphukusito ndi kabichi, jinja ndi nyama yogaya. Mayi wina wa ku Mangochi atandifunsa za nkhumba, ndinawonjezera kuti ng'ombe kapena nkhuku zimachita bwino, komanso kuti ku China kuli Asilamu mamiliyoni ambiri, ndipo ma noodles otchuka a nyama ya ng'ombe a ku Lanzhou ndi awo.

Pali china chimene muyenera kuchikonzekera ngati mukulemba za anthu amene kwanu amawakayikira. Mu April 2020 anthu akuda ku Guangzhou anatulutsidwa m'nyumba za lendi ndi m'mahotela pa nkhani ya COVID-19. Mu 2022 BBC inaulutsa za mwamuna wa ku China amene ankajambula ana a kufupi ndi Lilongwe akunena mawu odzinyoza m'chilankhulo chimene sankachimva, n'kumagulitsa mavidiyowo. Sabata imeneyo ndinalandira mauthenga owawa. Wina anati ndagulidwa. Sindinakangane nawo, chifukwa mkwiyo wawo unali wanganso, ndipo ine ndemwe ndimadziwa kuyang'anitsitsidwa m'basi ndi kugwidwa tsitsi ndi munthu wosamudziwa. Ndinangoyankha kuti mabuku anga sanena za boma kapena za kampani, amanena za agogo a mwana wanga. Kuti yankho limenelo likhale loona, ndinakana thandizo la kampani ina imene inafuna kulipira zosindikiza, koma ikufuna chizindikiro chake pachikuto ndi tsamba loyamikira ntchito zake. Ndalamazo ndinkazifuna kwambiri. Koma bukulo likadasanduka chikalata chotsatsa malonda, ndipo aphunzitsi akadalinunkhiza patali.

Za ndalama ndinene mosabisa: mabuku a ana a Chichewa sanandilipirirepo lendi. Ndimadya za kuphunzitsa ndi kumasulira. Mabuku akabweza zimene ndinalipira wojambula ndi wosindikiza, ndimathokoza. Buku la zithunzi nthawi zambiri limakhala la masamba 32, chifukwa makina amasindikiza pa mapepala akuluakulu amene amapindidwa m'magulu a masamba 8 kapena 16, ndiye mukalemba nkhani ya masamba 35 mulipira ngati ya 40. Mawu asachuluke, mazana ochepa akwana, zotsalazo zinene zithunzi. Kusindikiza ku China n'kotsikirapo mtengo, koma mabuku ndi olemera, ndipo zonyamulira zikhoza kudya phindu lonse, choncho werengerani mtengo wofikitsa katoni ku Lilongwe musanavomere. Yambani ndi ochepa. Anga ambiri amagulidwa kudzera pa WhatsApp ndi Amalawi a ku Johannesburg ndi ku UK ofuna kuti ana awo asaiwale Chichewa, zimene sindinaziyembekezere, ndiponso ndi sukulu za mkaka za m'tauni. Ngati cholinga chanu n'choti ana ambiri awerenge osati kugulitsa, webusaiti ya African Storybook imalandira nkhani m'zilankhulo za mu Africa, Chichewa chili momwemo, ndipo aliyense amatha kuzitsitsa ulere. Ingodziwani kuti mukaika kumeneko mwalola ena kuzikopera ndi kuzimasulira. Za umwini wa ntchito yanu kafunseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso m'Malawi. Ndipo ndi wojambula lemberanani pangano, ngakhale ali mwana wa achimwene anu: ndalama zingati, zithunzi ndi za yani buku likatuluka, dzina lake likhala pati. Langa limakhala pachikuto pamodzi ndi lake, zilembo zofanana kukula.

Pano ndili pa nkhani ya mulungu wa kukhitchini, Zao Jun, amene amati amakwera kumwamba chaka chikamatha kukanena zimene banja lachita, ndipo anthu amamupatsa maswiti omata kuti akanene zokoma zokhazokha, kapena pakamwa pamatike asanene kanthu. Mwana wa m'nkhaniyo anaswa mbale n'kunamizira mphaka, ndiye akufuna kumuwonjezera maswiti. Bambo a mwana anaumirira kuti mwambowu umachitika pa 23 mwezi wa 12 pa kalendala yawo, poti ndi zimene anazolowera kuona pa TV ndi kwa anzawo akumpoto. Apongozi akuti kwawo ndi pa 24 kuyambira kalekale. Onse akunena zoona, kumpoto ndi 23, kumwera ndi 24. Ndalemba 24, ndipo wojambula ndamutumizira kale chithunzi cha mphaka wa aneba.